Achimwene Anga Sanagone pa Chiwongolero

1

Dzina langa ndine Antónia. La bambo anga sinditchula, koma aliyense amene anakhalako ku Milange nthawi ya Apwitikizi, akangomva za lole imene inagubuduka pa mtsetse wa phiri la Tumbine m'chaka cha 1967, andidziwa. Andidziwe basi. Mano anatha kale m'kamwamu, ndiye ndizibisalanso ndani?

Kwathu tinabadwa awiri, achimwene anga a Florentino ndi ine. Mayi atamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, anandilera ndi iwowo. Ndi iwo anandigulira diresi langa loyamba, ndi iwonso ankandithyapa ndi kamtengo ndikajomba ku katekisimu. Atakula anapeza ntchito ya udalaivala pa esiteti ina ya tiyi m'mbali mwa phirilo. Masiku amenewo munthu wakuda wogwira chiwongolero sanali munthu wamba, abale. Akamadutsa pamsika, amayi ankasiya kuyeza nyemba n'kumawayang'ana. Mowa sankamwa, fodya sankasuta. Nthenda yawo inali imodzi yokha, kudzitama.

"Mlongo," ankatero, "ine lole ndimaimva ndi msana. Isanadwale imayamba yandiuza."

Mwamuna wanga, a Silvestre, anali makaniko pa esiteti yomweyo. Nyumba yathu inali kuseri kwa galaja, moti loleyo inkagona pakhomo pathu penipeni. Tinali ndi mwana mmodzi, Isaura, wa zaka zisanu ndi zitatu. Alamu awiriwa chikondi chawo chinali cha chipongwe.

"Alamu, giya ya eni ake mwaipheranji?"

"Giya ilibe mlandu, alamu. Vuto ndi makaniko wokonza ndi malovu."

Ankaseka mpaka misozi, ine n'kumawathirira tiyi. Ndinkawakonda onse awiri, ndipo ndikufuna muzikumbukire zimenezi mukayamba kundida.

2

Linali Lachiwiri m'mwezi wa Malichi, mvula itadukiza masiku anayi. Dzuwa litapendeka, a Florentino ananyamuka kuminda ya kumtunda atapakira madengu a tiyi, anthu othyola makumi atatu atakhala pamwamba pake. Msewu umenewo umatsetsereka makilomita atatu osapumira, ndipo kumapeto kwake kuli pokhota ndi kamlatho.

Ine ndinali kuanula zovala. Ndinangomva chiphokoso ngati malata a denga lonse agwa nthawi imodzi, kenako zii. Kenako mfuu.

Ndinathamanga wopanda mpango kumutu. Loleyo inali itagona chammbali m'chigwembe, masamba a tiyi ali mbwee paliponse, anthu ali m'katimo, ena akukwawa, ena ali duu. Anayi anafera pomwepo. Mmodzi mwa iwo anali Bernardina, mnzanga wa kukwaya, amene anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri.

Achimwene anawatulutsira pazenera, mkono utathyoka, magazi ali chuchuchu pachipumi. Sankabuula ndi ululu ayi. Ankangogwira malaya a aliyense wowayandikira n'kumakuwa mawu amodzimodzi.

"Ndinaponda! Ndinaponda buleki, inangolowa mpaka pansi ngati ndaponda nthochi yakupsa! Ndinapopa, ndinapopa, palibe!"

Nditamva mawu amenewo ndinakhala pansi paudzu. Amayi ena anandigwira n'kumanditonthoza. "Limbani mtima, mlongo wanu ali moyo." Iwo ankayesa ndi chisoni. Chisoni chinalipo, inde, koma kunsi kwake kunali mantha, ndipo chifukwa chake sindinauze munthu.

3

Tsiku lachitatu kunabwera mzungu wofufuza ngozi kuchokera ku Kelimane. Anali wowonda, wa magalasi, wosakalipa. M'thumba ankayenda ndi tepi yopimira, imene pa Chipwitikizi amati fita, ndiye dzuwa lisanalowe anthu anali atamupatsa kale dzina loti Bwana Fita. Ndinene zoona, munthu uja sanali woipa. Ntchito yake ankaidziwa, ndipo n'chimene chinandiopsa.

Asipayi, apolisi achikuda a nthawi imeneyo, anabweretsa achimwene mkono uli m'nsalu. Anthu tinadzaza m'mbali mwa msewu. Bwana Fita analankhula kudzera mwa womasulira.

"Ngozi imachokera pa zinthu zitatu: msewu, galimoto, kapena munthu. Ndiyang'ana chimodzichimodzi. Chimene chilibe mlandu ndichichotsa, chotsalacho ndiye chiyankhe."

Anakwera chitunda wapansi, n'kumatsika pang'onopang'ono atawerama ngati wataya singano. Dothi linali louma, dzenje panalibe, mwala panalibe. Anatambasula tepi yake kuchokera pakamlatho kukwera mamita mazana awiri, kenako anakodola achimwene.

"Galimoto ikagwira buleki padothi, matayala amakhula pansi n'kusiya mizere. Ndionetse mzere umodzi wokha."

"Buleki sinagwire, bwana. Ndiye mzere uchokera kuti?"

"Wakhala ukutsika pano zaka zingati?"

"Zisanu ndi chimodzi."

"Katundu wake yemweyu, giya yake yomweyi?"

"Inde, bwana."

"Inayamba yakukanapo?"

"Ayi."

"Chabwino. Tiyeni tikaifunse buleki mwini wake."

Thirakitala inali itaikokera kale loleyo pamsewu n'kuiimika. Bwana Fita anayang'ana matayala limodzilimodzi, anagwedeza chiwongolero, anagona chagada kunsi kwake n'kumatsata timapaipi ta buleki ndi chala, kufuna podontha. Sanapeze. Kenako analowa kutsogolo, anatukula kachitsulo ka pansi pa mapazi a dalaivala, n'kutsegula chivindikiro cha pamene pamakhala mafuta a buleki. Anasuzumira, anaviikamo chala, n'kulankhula mawu amodzi.

"Akuti ndi odzaza," anatero womasulira.

Mulungu andikhululukire, ndinamva kukoma.

Analamula a Silvestre kuti akweze tayala ndi jeke n'kulizunguza. Iye anaponda buleki, tayala linaima nji. Anabwereza pa matayala onse, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Pomaliza anatsika n'kulozera achimwene mpando.

"Ponda wekha."

Achimwene anakwera, anaponda. Buleki inali gwa. Anapondanso, inali gwa. Analiyang'ana phazi lawo nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa mlamu wawo.

"Alamu, lankhulani. Buleki ingafe n'kudzukanso yokha?"

A Silvestre anaweramitsa mutu. "Mafuta ali odzaza, paipi yosadontha? Ine sindinaonepo, alamu."

4

M'mawa mwake Bwana Fita anakhala pakhonde la ofesi ya esiteti n'kumaitana mboni imodziimodzi, kuti wina asamve za mnzake. Mayi wina amene anakhala pafupi ndi kazenera ka kumbuyo kwa dalaivala ananena kuti anaona mutu wa a Florentino utawerama pamene loleyo inkayamba liwiro. Achimwene anati ankayang'ana phazi lawo pa buleki. Mzungu analemba zonse ziwiri. Ine anandiitana pomaliza.

"Usiku wa Lolemba mlongo wako anali kuti?"

"Kumaliro, bwana, kwawo kwa mkazi wawo, kufupi ndi Muloza."

"Anagona kumeneko?"

"Pamaliro amuna sagona, bwana. Amachezera panja."

"Anafika kuno nthawi yanji?"

"M'mamawa, panjinga. Anamwa tiyi kwathu."

"Ankaoneka bwanji?"

"Ankayasamula."

Sindikudziwa chimene ndinanenera mawu amenewo. Ayi, ndikunama, ndikudziwa. Ndinaona kuti kwatseguka njira yopita kutali ndi ine, ndiye ndinawakankhiramo.

Bwana Fita anavula magalasi n'kundiyang'ana m'maso. "Loleyi imagona pakhomo pako. Kupatula mwamuna wako ndi mlongo wako, alipo wina amene amaikhudza? Ganiza bwino, mayi. Yankho lako likhoza kumupulumutsa."

"Palibe, bwana."

Anandidinditsa chala papepala. Msewu unalibe mlandu, galimoto inalibe mlandu, anatsala ndi munthu. Analemba kuti dalaivala anagona pa chiwongolero. Ku boma asipayi anawamenya achimwene ndi mbalamatodya, thabwa lija la mabowo, m'dzanja lawo labwinolo mpaka linatupa, kuti avomere. Anakana.

Tsiku lopita nawo ku Kelimane kukadikira khoti, anandilola kuwapatsa kamtanga ka chinangwa chophika. Anali atawakweza kale m'galimoto ya boma.

"Mlongo, iwe ndinakulera ndekha, ukundidziwa. Anthu akamati Florentino anapha anthu ndi tulo, uziwayankha. Sindinagone."

"Ndiziwayankha, achimwene."

5

Patapita sabata ziwiri, a Silvestre anabwera kunyumba masana nthawi yakudya isanakwane, atanyamula kachitini. Isaura anali kusukulu. Sanandipatse moni. Analowa kukhitchini, anaika chikwanje pamoto mpaka chinatentha, n'kudonthezapo za m'chitinimo. Zinalira kuti tsss, n'kuthetheka.

"Wamva, mayi a Isaura? Mafuta a buleki salira choncho. Olira choncho ndi madzi."

Ananyamula kachitini kaja n'kupitiriza.

"Ndakhetsa mafutawa lero kuti ndiyambe kukonza lole ija. Theka lonse ndi madzi. Madzi amasakanikirana ndi mafutawa, ndi maso sungaone. Koma pa mtsetse wautali buleki imatentha, madzi amawira n'kusanduka nthunzi, ndipo nthunzi siigwira kanthu. Ukaponda, phazi limangolowa. Zikazizira nthunzi ija imabwerera kukhala madzi, buleki n'kulimbanso ngati sipanachitike kanthu. Alamu sananame." Anaika chikwanje pansi. "Tsono ine sindinathiremo madzi. Alamu sangathiremo. Chitini cha mafuta chimakhala chokiyira m'sitolo ya mzungu. Koma ndakumbuka kuti alipo munthu amene anandipempha mafuta amenewa ine n'kumukaniza."

Ndinagwa pa mapazi awo.

Tsono imvani, owerenga, chimene ndakhala ndikuchizemba kuyambira poyamba paja. Mwezi wa Januwale Isaura anatuluka zipere m'mutu monse. Anzake kusukulu ya mishoni ankamuseka mpaka anayamba kubisala m'chinangwa nthawi ya maphunziro. Pa Pasaka anayenera kulandira Ukaristia koyamba, ndipo mwana ankalira kuti sapita kutsogolo kwa tchalitchi ndi mutu wa mawangamawanga. Ndinayesa masamba, ndinayesa mankhwala a kwa asisitere, osatheka. Koma amayi onse a m'makomboni ankadziwa mankhwala ake enieni, ati mafuta a buleki. Ukapaka kawiri katatu, chipere chimauma. Ndinapempha bambo ake, anandikalipira kuti umenewo ndi umbuli, mafutawo ndi poizoni.

Ndiye Lamulungu lina ndinanamizira mutu, anthu onse n'kupita ku Misa. Mmene amatsegulira chivindikiro cha mafuta a buleki pa lole ija ndinali nditaonerera kambirimbiri. Ndinathyola phesi la papaya, lija la bowo m'kati, ndinakoka nalo mafuta n'kudzaza kabotolo. Nditaona kuti aphwa ndinaopa kuti azindikira, ndiye ndinabwezeramo madzi. Ndipo taonani uchitsiru wanga, abale: ndinasankha madzi a mumtsuko womwera, n'kuwasefa ndi kansalu koyera, ati kuopa kuononga galimoto ya eni ake! Ndinkadziyesa munthu wosamala.

Zipere zinayamba kuuma. Amayi ataona, anayamba kubwera ndi timabotolo tawo tobisa m'nsalu. Onse ankayesa kuti amandipatsa ndi bambo a Isaura kuchokera kugalaja. Ndikanakana bwanji, anthu akundiseka kuti ndasanduka dokotala ine n'kumakondwera? Ndinatapa kasanu, ndipo kasanu konseko ndinabwezeramo madzi. Kabotolo komaliza ndinapatsa Bernardina, ka mwana wake wamkulu, kutatsala masiku awiri kuti afe.

"Ndipita ku boma," ndinatero ndikulira. "Mlandu sunazengedwe. Bwana Fita angathe kubweranso."

"Upite ukanene chiyani? Adzati mkazi sangatsegule buleki yekha, anamuonetsa ndi mwamuna wake. Atitenga tonse awiri. Isaura akhala ndi ndani? Adzakula akumuloza chala kuti anthu anayi anafera mutu wake."

Anatenga chitini chija n'kukachikhuthulira m'chimbudzi.

Zaka zonsezi ndakhala ndikudziuza kuti anandiletsa ndi mwamuna wanga. Bodza lenileni. Sanandimange miyendo. Ku boma kunali mtunda wa ola limodzi wapansi, ndipo ndinkadutsa pakhomo pake Loweruka lililonse popita kumsika. Pamene ankakhuthula chitini chija, mtima wanga unakhala pansi. Isaura analandira Ukaristia wake mutu uli wosalala, atavala zoyera. Mwezi wotsatira khoti la ku Kelimane linawapatsa achimwene zaka zisanu ndi zitatu.

6

Anatuluka mu 1974, kutatsala chaka chimodzi, Apwitikizi akuyamba kumanga katundu. Mkazi wawo anali atakwatiwa kale kutsidya kwa Ruo. Anafikira kwathu atawonda, imvi zili mbuu, mkono uja utapindika. A Silvestre anawapatsa moni n'kunamizira ntchito, sanathe kudya nawo mbale imodzi.

Ine ndinali nditalumbira kuti lero ndinena. M'mawa tinakhala pakhonde awiriwiri, ine ndikutongola chimanga.

"Achimwene, pali nkhani ya lole ija."

"Ndikudziwa, mlongo. Wakhala ukundiikira kumbuyo monga ndinakupempha. Zikomo, koma usavutikenso. Ndinagona."

Chitsononkho chinandipulumuka. "Mwati bwanji?"

"M'ndende muli nthawi yoganiza. Chaka choyamba ndinkakana. Chachiwiri ndinkakana. Koma buleki ndinaiponda ndi phazi langali pamaso pa anthu, inali gwa. Mzungu uja anapima zonse, sanandide. Alamu anga, makaniko weniweni, anati sanaonepo. Iwe wemwe, mlongo wanga wosanama, unati ndinkayasamula. Anthu atatu onsewo alakwe, wolondola ndikhale ine ndekha? Kuponda kuja ndinalota. Ndinapha anthu anayi ndi mwana wam'mimba, kenako n'kunamizira chitsulo chifukwa cha kudzitama kwangaku. Ndinakalapa kwa wansembe wa kundende, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinapeza mtendere."

Mayo ine! Ndinatsegula pakamwa, mawu ali pa lilime penipeni. Ndinadziuza kuti munthu wapeza mtendere, kumuuza n'kumuzunza kawiri. Bodza linanso limenelo. Ndinaopa maso awo basi.

"Mawa undiperekeze," anatero. "Ndekha sindingathe."

Tinayenda makomo anayi tsiku limodzi. Pakhomo lililonse ankavula chipewa n'kundipatsa ine kuti ndigwire, iwo n'kugwada m'fumbi. Kwina anatithamangitsa, kwina anangotiyang'ana. Pomaliza tinafika kwa mayi ake a Bernardina, amene ankalera ana a malemu.

"Mayi, ndine Florentino. Ndine ndinapha mwana wanu. Ndinagona pa chiwongolero. Sindikupempha kanthu, ndangobwera kuti mumve pakamwa panga."

Mayiwo analira nthawi yaitali. Kenako anawagwira paphewa n'kuwadzutsa, ndipo anatembenukira kwa ine.

"Antónia, iwe ndiye munthu. Ena akanamutaya mlongo wotereyu. Mulungu akudalitse, mwanawe."

Ndinayankha kuti zikomo.

Achimwene sanagwirenso chiwongolero. Ngakhale panjinga ankakana kukweza munthu. Ankalima nandolo ndi chinangwa, ndipo ana akamasewera magalimoto a mawaya pafupi nawo ankadzuka n'kuchokapo. Anamwalira nthawi ya nkhondo tili othawa ku Muloza, mutu wawo uli pamiyendo panga, akundithokoza kuti sindinawataye.

7

Owerenga anzanga, musandilembere makalata ondipepesa, ndipo musamunyoze mzungu uja. Iye anapima msewu, anapima chitsulo, anafunsa funso loyenera kwa munthu woyenera. Tepi yake sikanatha kupima chimene ine ndinabisa.

Madzi aja ndinathira mosadziwa, ndipo mwina Mulungu akhoza kumva zimenezo. Koma "palibe, bwana" ndinanena ndikudziwa, ndipo pakhonde pathu paja, achimwene atatuluka, ndinakhala chete ndikudziwa. Ndinawalanda achimwene ntchito, mkazi ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Zonsezo n'zochepa. Chimene chimandidya n'chakuti munthu anali ndi choonadi chake, anachigwira pomenyedwa, anachigwira pakhoti, ndipo ine ndinangokhala phee mpaka iye mwini anachitaya n'kuyamba kudzinenera bodza. Ngati pali munthu akusenza mlandu wanu lero, musati mudikire nthawi yabwino. Ine ndinaidikira, inandipeza ndi maliro.

A Silvestre anapita kale. Isaura ndi gogo tsopano, ndipo amva zimenezi lero limodzi ndi inu. Mwana wanga, mutu wako ulibe mlandu, amalume ako analibenso mlandu.

Kwa inu ana a Bernardina, ndi inu a makomo ena atatu aja: munthu amene anagwada pakhomo panu sanali woyenera kugwada. Woyenerayo anali ataima kumbuyo kwake, atagwira chipewa. Ndikubwera sabata ino, miyendo ikandilola. Musandiyalire mphasa.